Ngongole ya a Nachisale ndi nkhani ya ukazitape

Wapampando: Amayi, Disembala wayandikira, tigawane masheya, koma m'bokosi mukusowa K240,000. Ndiyo K200,000 ya a Nachisale ndi chiwongoladzanja chake cha 20 peresenti.

Nachisale: Ndinanena kale kuti belo la kaunjika linatuluka nsanza zokhazokha. Koma ndiyankheni kaye: ndani anatuma mwana kudzasuzumira kuseri kwa nyumba yanga? Gulu lino mwayamba ukazitape?

Mlembi: Mawuwo abwezeni, achemwali. Ndinamutuma masana dzuwa likuswa mtengo, kudzakuuzani za msonkhano. Malata 16 atsopano anangowaona ali poyera. Kazitape amayenda mobisa n'kukakunenera kwa adani. Ife ndife adani anu?

Nachisale: Malatawo anagula ndi mchimwene wanga wa ku Joni. Nanga amene anatsegula foni yanga ndili ku chimbudzi, n'kuwerenga mauthenga a Airtel Money?

Msungichuma: Ndine. Munalowa K180,000 pa 3 Novembala. Mwezi umenewo munatiuza kuti mulibe ngakhale ya mchere.

Gogo Nasibeko: Ana inu, mawu amenewa ndi olemera kwa ife amene tinakula nthawi ya Kamuzu. Chisanafike chaka cha 1994, wina akakunong'oneza kwa a Payoniya kapena a Special Branch, unkatha kukagona ku Mikuyu osaweruzidwa. Tinkaopa ngakhale amene tikudya naye mbale imodzi. Mwana woona malata si kazitape. Koma kutsegula foni ya mnzako iye kulibe, a msungichuma, chimenecho n'kuzonda ndithu.

Msungichuma: Agogo, ngakhale Yoswa anatuma azondi awiri ku Yeriko.

Gogo Nasibeko: Ku Yeriko ankapita kukamenya nkhondo. Muno timabwereketsana ndalama za feteleza.

Mlembi: Komabe ndalamazo ndi za tonse 18. Ine masheya anga ndi a fizi ya mwana wa Fomu 3.

Nachisale: Ya mchimweneyo inali ya malata, si yanga. Koma sindikukana ngongole. Loweruka ndibweretsa K100,000, yotsala pa 15 Disembala. Mbuzi zanga ziwiri zikhale chikole.

Wapampando: A mlembi, lembani zimenezo. A msungichuma, chindapusa K5,000 chilowe m'thumba la zadzidzidzi. Wokayikira mnzake azinena pamsonkhano, tidzatuma anthu atatu mwini wake akudziwa.

Msungichuma: Ndilipira. Koma mbuzizo tikazione tisanasaine, ina ija inkatsokomola.