Kodi ndigulitse kotheratu nyimbo yotsatsira malonda pa TV?

Wagitala_Chilomoni: Ndikupempha nzeru kwa inu amene munagwirapo ntchito imeneyi. Kampani ina yokonza zotsatsa malonda yandipempha kuti ndipeke kanyimbo ka masekondi 30 kotsatsira sopo, kamene kadzaulutsidwe pa MBC TV ndi Times TV. Akufuna kundilipira kamodzi kokha, ndipo m'kalata ya mgwirizano mwalembedwa kuti nyimboyo idzakhala yawo mpaka kalekale. Kodi ndivomere? Nanga ndingadzalandirenso kanthu kudzera ku COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa opeka nyimbo ndi ntchito zina zaluso?

Mjambuli_wa_ku_Kawale: Achimwene, musafulumire kusaina. Mu kanyimbo kamodziko muli katundu wa mitundu iwiri: nyimbo imene mwapeka, ndiye kuti mawu ndi mayimbidwe ake, komanso nyimbo yojambulidwa imene yatuluka mu situdiyo. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza ntchito ya wopeka moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalira, choncho mawu akuti "mpaka kalekale" akutanthauza kuti mukugulitsa ndi cholowa cha ana anu chomwe pa mtengo wa ntchito ya sabata imodzi.

Chimene ine ndimachita ndi kubwereketsa nyimbo, osati kugulitsa. Mgwirizano unene kuti aigwiritsa ntchito kwa miyezi ingati, m'dziko liti, ndiponso pa TV pokha kapena ndi pa wailesi, pa Facebook ndi pa magalimoto olengeza malonda m'misika. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi mtengo wake. Nthawi ikatha koma malondawo akuyendabe bwino, adzabwerera okha kudzawonjezera mgwirizano, ndipo ndalama yachiwiriyi ndiyo imakoma chifukwa simulowanso mu situdiyo.

Mayi_wa_Kwaya: Malangizowo ndi abwino, koma tisaiwale kuti msika wathu ndi waung'ono, ndipo woyimba amene sanatchuke akalimba khosi kwambiri, a kampani amangoyitana wina amene angavomere theka la mtengowo. Ine ndinganene kuti ngati akana kubwereka, gulitsani, koma mtengo ukwere mowirikiza. Muwerengere ndalama ya situdiyo ndi ya oyimba othandizira, ndipo mulembe kuti adzakubwezani kukasintha nyimboyo kangati, pakuti alipo ena amene amasintha maganizo tsiku lililonse osawonjezera ngakhale tambala. Theka la ndalama mulandire musanayambe ntchito. Amene ankadikira malipiro pamene kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 akudziwa chifukwa chake.

Mkulu_wa_Bandi: Pa funso la COSOMA, bungweli linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo limatolera ndalama ku nyumba zoulutsira mawu ndi malo ena ogwiritsa ntchito nyimbo n'kugawira mamembala ake. Kuti mupindule nalo muyenera kukhala membala, nyimboyo ilembetsedwe m'dzina lanu monga wopeka, komanso mgwirizano wanu usakhale wolanda ufulu wanu wolandira ndalama zimenezo. Pitani ndi kalatayo ku ofesi yawo ku Lilongwe akaiwone musanasaine.

Pali zina ziwiri zimene anzangawa sanakhudze. Choyamba, yang'anani ngati mgwirizanowo ukukuletsani kuyimbira makampani opikisana nawo. N'zomveka kuti amene wayimbira TNM asamveke mawa lake akutamanda Airtel, koma chiletsocho chikhale ndi malire a nthawi ndipo chilipiridwe, chifukwa chikukutsekerani ntchito zina. Chachiwiri, musatenge mayimbidwe a nyimbo ya mnzanu, ngakhale a kampani atanena kuti akufuna "yofanana ndi yakutiyakuti", popeza mlandu ukabuka amaloza wopeka. Nyimbo za makolo nazonso si zongotola: lamulo lomwelo limaziyika m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, ndipo kuzigwiritsa ntchito pa malonda kumafuna chilolezo.

Wagitala_Chilomoni: Zikomo kwambiri nonse. Ndiwapatsa mitengo iwiri, wa chaka chimodzi pa TV pokha ndi wogula kotheratu, kuti asankhe okha.