Tikiti ya Burning Man ndigule kapena ndisiye?

Tadala: Abale ndithandizeni nzeru. Anzanga akuntchito kuno ku Sacramento ku America akundikakamira kuti tipite ku Burning Man, chikondwerero chija cha m'chipululu cha Black Rock ku Nevada kumapeto kwa Ogasiti. Mtima ukufuna koma ndalama yake ikundiwawa. Alipo pano anafikako?

Achimwene a ku Reno: Ine ndinaliko 2023 mlongo wanga, chaka chamatope chija. Tikiti ndinagula $575, pasi yagalimoto $150, ndie apo sunagule kanthu, chifukwa kumeneko kulibe sitolo kulibe lesitilanti, chomwe amagulitsa ndi ayisi basi. Madzi umanyamula wekha galoni imodzi ndi theka pa tsiku, zakudya za sabata yonse, tenti yoti isauluke ndi mphepo, njinga, magalasi otchinga fumbi, zonsezo ukaphatikiza zimaposa tikitiyo kutali

Mai a Chisomo: Iii achimwene ndalama yonseyo mukagone m'fumbi? Tadala mwana wanga imeneyo ndi fizi ya m'bale wako kumudzi. Komanso ndimamva kuti anthu amayenda osavala kumeneko, mankhwala ozunguza bongo ali mbwee

Achimwene a ku Reno: Mai zimenezo zilipodi sindibisa, koma sakakamiza munthu, ndipo apolisi amakhalapo. Ine chomwe ndikufuna Tadala amve ndi nyengo. Mvula inayamba Lachisanu pa 1 Seputembala, sinali mvula yoti kwathu tingaitchule, koma malo aja ndi pansi pa nyanja yomwe inauma kalekale, dothi lake silimwa madzi. Linasanduka phala lomata, ukaponda nsapato imalemera ngati wamangirira njerwa, anthu tinkavala majumbo kumiyendo. Anatseka geti, osalowa osatuluka, anthu pafupifupi 70,000 atiuza tisunge madzi ndi chakudya. Choipitsitsa zimbudzi, magalimoto opopa sankatha kuyenda ndie zinadzaza. Anthu otchuka, wanthabwala Chris Rock ndi DJ Diplo, anachita kutuluka wapansi m'matopemo mpaka wina anawatenga pa pikapu. Msewu anatsegula Lolemba pa 4, chidole chachikulu chamunthu chija chomwe amawotcha Loweruka anachiwotcha Lolemba lomwelo usiku

Tadala: Eeh ndie munadandaula kuti munagula?

Achimwene a ku Reno: Ayi. Masiku amatope aja ndi omwe ndimawakumbuka kwambiri. Kampu yoyandikana nafe madzi anawalowera mu tenti tinawagoneka kwathu, iwo anali ndi gasi ife tinali ndi ufa, ndinaphika nsima anthu osawadziwa anadya ndi manja atakhala pa makatoni. Kuja ndalama siigwira ntchito, chinthu umangopatsa munthu osayembekezera kuti akubwezera

Yamikani: Achimwene ndikulemekezani koma pamenepo ndikutsutsa. Kugawana chakudya pamavuto timachita pamaliro paliponse kwathu opanda tikiti. Ndipo izi zoti kulibe ndalama, olemera amafika pa ndege kukagona m'ma RV, magalimoto okhala ngati nyumba oziziritsa mkati, wosauka ali mu tenti dzuwa likumuphika. Zinayamba bwino 1986 pomwe Larry Harvey ndi mnzake anawotcha chidole chamatabwa pa Baker Beach ku San Francisco ali anthu ochepa, pano ndi zina. Ngakhale mvula isagwe fumbi lokha ndi chilango, 2022 kunatentha koopsa ndipo potuluka anthu anakhala pamzere maola oposa 8

Achimwene a ku Reno: Za fumbi wanena zoona, likadzuka suona ngakhale dzanja lako, ndipo ndi lamchere limang'amba zidendene, timasambitsa mapazi ndi viniga. Amene ali ndi mphumu ndimamuuza poyera kuti asayerekeze

Achemwali a ku Cape Town: Kuno tili ndi yathu AfrikaBurn ku Tankwa Karoo, inayamba 2007, malamulo ake ndi omwewo, zinyalala zako zonse umabwerera nazo ngakhale kachitsotso ka machesi. Ndinapita kamodzi, msewu wake wamiyala umadya matayala, masana kutentha usiku kuzizira mpaka mano kugundana. Koma zosema zija zazitali ngati nyumba zosanja pakati pa chipululu usiku zitayaka magetsi, sindinaonepo zotero. Tadala funso langa, iwe ukufunako chani kwenikweni? Ngati ndi zovina chabe ndalamayo isunge, makalabu ali mtauni momwemo

Tadala: Achemwali ndinene zoona, si zovina. Mnzanga anandiuza za Temple, kachisi wamatabwa amene anthu amalembamo maina a abale awo omwalira, kuikamo zithunzi ndi makalata, kenako Lamulungu usiku amamuwotcha anthu onse ali chete. Amayi anamwalira ine ndili kuno mapepala anali asanatuluke, maliro ndinaonera pa WhatsApp. Mpaka lero ndimaona ngati sindinalire

Mai a Chisomo: Pepa mwana wanga sindimadziwa kuti nkhani ndi imeneyo. Komabe ine ndikanakonda ndalamayo uwonjezere ugule tikiti yandege ukaone manda, tikonze chiliza

Achimwene a ku Reno: Mai nazonso nzoona. Ine ku Temple ndinalemba dzina la bambo ndipo ndinalira ngati mwana, ndie sindingamuletse. Tadala ukasankha kupita usagule tikiti kwa munthu wapa Facebook akuba ambiri, gula kwa eni ake, ndipo ali ndi matikiti otsika mtengo a opeza zochepa ukhoza kupempha. Tenti, njinga ndi zigubu zamadzi ndili nazo ndikubwereka, pali basi ya Burner Express yochokera kuno ku Reno sufunika pasi yagalimoto

Yamikani: Ndipo upemphe tchuthi chowonjezera masiku awiri kuntchito, mvula ikagwanso Lachiwiri sufika

Tadala: Zikomo nonse. Ndiyamba ndafunsa mtengo wandege yopita ku Lilongwe mu Disembala, ndione ngati ziwirizi zingatheke chaka chimodzi. Achimwene tenti yanuyo imagona anthu angati?