Dziko likasaina mapangano a ILO, ife antchito timapindulapo chani?

Wolondera_usiku:
Akuluakulu ndithandizeni pang'ono. Ndine mlonda, ndimagwira maola 12 masiku 6 pa sabata koma ovataimu sindinaionepo, ndiye mnzanga wina akuti ku ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse lapansi, anagwirizana kalekale zoti munthu azigwira maola 8 pa tsiku, 48 pa sabata. Kodi malamulo a dziko amayenera kufanana ndi a ILO wo? Nanga akasiyana timamvera ati, ndingatenge pepala la ILO kupita nalo kukhoti?

WaYuniyoni:
Achimwene mnzanuyo sananame koma wakuuzani theka. Za maola 8 zija ndi pangano loyamba la ILO la mu 1919, koma linalembedwera a m'mafakitale, m'migodi ndi omanga, ndiye mlonda kulitchula lokha silingamuthandize kwenikweni. Chinanso pangano silimanga dziko mpaka boma litalivomereza, ndipo ngakhale litavomereza, maiko ambiri amafuna kaye aphungu alilowetse m'malamulo awo. Kukhoti mumapita ndi lamulo la dziko lanu komanso kontirakiti yanu, mapangano a ILO wo woweruza amatha kuwagwiritsa ntchito pomasulira lamulo pomwe silikumveka bwino.

Pali mapangano 10 amene amati ndi nsanamira: ufulu wokhala mu yuniyoni ndi kukambirana za malipiro (pangano 87 ndi 98), kuletsa ntchito yokakamiza, kuletsa kugwiritsa ana ntchito, kuletsa tsankho, kenako mu 2022 anaonjezerapo za chitetezo ndi umoyo pa ntchito. Mfundo za amenewa dziko lililonse la membala likuyenera kuzilemekeza olo lisanasaine, anagwirizana choncho mu 1998. Koma onani bwino, za maola mulibemo mmenemo.

Kayaziwa:
Ine zosainazi sizindisangalatsa olo pang'ono. Pangano 182 loletsa ntchito zoopsa kwa ana pofika 2020 maiko onse 187 anali atasaina, koma ana anachoka m'minda ndi m'migodi? ILO ilibe apolisi aise, boma limangotumiza lipoti ku likulu lawo ku Geneva akatswiri n'kuwerenga n'kulemba kuti apa konzani, basi. Chilango chachikulu chija cha mu Article 33 ya malamulo oyendetsera ILO anayamba kuchigwiritsa ntchito mu 2000 pa Myanmar chifukwa cha ntchito yokakamiza, patatha zaka zoposa 80 bungwelo lilipo. America yomweyo pa nsanamira zija inavomereza ziwiri zokha.

Make_mapasa:
Inu a Kayaziwa musanyoze kwambiri, muyeso umathandiza kuti udziwe pomwe akukubera. Taonani za tchuthi cha uchembere, pangano 183 limati masabata osachepera 14. Lamulo la Malawi la 2000 linaika masabata 8 olipidwa, kamodzi pa zaka zitatu, pomwe ku South Africa ndi miyezi inayi koma bwana sakakamizidwa kukulipira, umakatenga ku UIF, thumba la boma lothandiza antchito pamene sakulandira malipiro. Ndiye South Africa wapereka nthawi, Malawi wapereka ndalama, mayi amene wabereka mapasa ngati ine amadziwa kuti masabata 8 umabwerera kuntchito msana usanapole. Popanda muyeso wa masabata 14 uja tikanakangana ndi chani? Ndipo antchito a m'nyumba anachita kudikira mpaka 2011 kuti akhale ndi pangano lawo, 189, tangoganizani.

WaYuniyoni:
Mayi mwalasa. Vuto lalikulu nthawi zambiri si zolembedwa ayi, ndi oyendera malo antchito ochepa komanso anthu ambiri alibe kontirakiti ndiye lamulo siliwapeza. Achimwene a ulonda, yambani kulemba tsiku lililonse nthawi yolowa ndi yotuluka, sungani ma payslip, mukaonetse ku ofesi ya zantchito, ndipo mufunse ngati lamulo la kwanu linaika maola apadera a alonda chifukwa maiko ena amatero.

Wolondera_usiku:
Zikomo akulu, kope ndagula kale. Koma payslip satipatsa, amangotiwerengera m'manja, pamenepo ndiye nditani?