Za chipatala cha Azakhali

Malume: Mwadzuka bwanji nonse. Tinagwirizana K40,000 aliyense. Pa anthu 11 apereka anayi okha. Mpamba ndi Airtel Money zonse zikugwira, pasapezeke chonamizira.

Achemwali a ku Leeds: Malume dikirani kaye. Zotsatira zija ndaziona. IgG ya Azakhali ili pa 3.8, pomwe ya munthu wamkulu imakhala pakati pa 7 ndi 16. Chibayo chobwerezabwerezachi gwero lake ndi limeneli.

Mlamu: IgG ndiye chiyaninso? Ine ndimayesa vuto ndi nyamakazi

Achemwali a ku Leeds: Ndi ma antibodi, ogwira tizilombo m'magazi. Rituximab, mankhwala a nyamakazi omwe Azakhali amalandira pa dripi, amapha maselo otchedwa ma B cell, omwe akakhwima ndi amene amapanga ma antibodiwo. Nyamakazi imazizira ndithu, koma dripi ikamabwerezedwa miyezi 6 iliyonse IgM, mtundu wina wa ma antibodi, imayamba kutsika, kenako IgG. Prednisolone wa zaka zonsezi naye akuthandizira kutsitsa.

Achimwene a ku labu: Tisathamangire kuloza mankhwala okha. Wina ayang'ane m'buku lawo la kuchipatala ngati IgG inayezedwa dripi yoyamba isanalowe. Pali matenda otchedwa CVID: ma antibodi amakhala ochepa kale, ndipo chitetezo chosokonekera chomwecho chimatembenukira mfundo za mwini wake. Ngati sanayeze, pezani pepala lakale la chiwindi, chotsani albumin pa total protein. Yotsalayo ikakhala pansi pa 18, vuto linalipo kale. Ayezenso mkodzo, impso zikamataya mapuloteni IgG imapita nawo.

Malume: Zonse mukutchulazi ndi ndalama. Anayi okha.

Bambo aang'ono: Ife kuno feteleza sitinagule, mvula yayamba. Ena amaiwala kuti pa maliro paja bokosi anagula ndani

Mayi aang'ono: Tisayambe zimenezo chonde 🙏 Mwa njira, chinkhoswe chija chasunthidwa, yunifolomu ndi ya buluu

Mlamu: Chitenje chake chili pa zingati?

Malume: Za chitenje mukuyankha msanga.

Mlamu: Pepani Malume. Achemwali, aneba akuti angomwa Bactrim tsiku lililonse ngati mmene amachitira a ma ARV, chibayo chisiya

Achemwali a ku Leeds: Ayi ayi! Azakhali amamwa methotrexate sabata iliyonse. Awiriwa akakumana amatsekereza folate, vitamini wofunika popanga magazi, mafupa amasiya kupanga magazi, maselo oyera amagwa, zilonda zimatuluka m'kamwa. Anthu amafa nazo. Mankhwala oteteza asankhe dokotala akudziwa zomwe akumwa kale. Prednisolone nayenso asasiye mwadzidzidzi, amatsitsidwa pang'onopang'ono.

Achimwene a ku labu: Dokotala akati IVIG, dripi ya ma antibodi ochokera kwa anthu opereka magazi, muyezo wake ndi magalamu 0.4 pa kilo, masabata 3 kapena 4 aliwonse. Azakhali ali ndi makilo 60, ndiye magalamu 24 ulendo umodzi, ndipo sizithera pa ulendo umodzi. Magazi oyezera hepatitis B atengedwe dripi imeneyi isanalowe. Ikalowa, ma antibodi a anthu opereka magazi amatha kuonetsa ngati anadwalapo pomwe sanadwale.

Mayi aang'ono: Nanga katemera wa chibayo?

Achemwali a ku Leeds: Angabayidwe, koma sagwira bwino ma B cell ali pansi, ankayenera kubayidwa masabata 4 dripi ya rituximab isanayambe. Wa yellow fever asayerekeze, katemerayo ali ndi kachilombo kamoyo. Rituximab wa mwezi wamawa ayambe wakambirana ndi dokotala, pepala la IgG lili m'manja.

Malume: Wa ku Joni uja nkhupakupa zabuluu zikuoneka koma ali chete. Magalamu 24 mwawamva? K40,000 ija ndiye yachepa.

Bambo aang'ono atuluka pagulu

Mlamu: Eeh

Mayi aang'ono: Asiyeni, ndiwaimbira madzulo. Lachinayi awaperekeza ndani? Buku ndi botolo la mkodzo wam'mawa zisaiwalike

Mlamu: Ndipita ine, koma mafuta a galimoto atuluke m'thumba la gulu

Malume: Thumba lake liti? Tsopano apereka asanu.