Kodi munthu woonda angafe ndi matenda a mtima?

Wofunsa, Area 25

Ndikupempha amene amadziwa za chipatala kuti andithandize. Mwezi watha tinaika m'manda amalume anga, bambo wa zaka 52, woonda, amene ankapalasa njinga tsiku ndi tsiku popita ku ntchito ku Kanengo. Madzulo a tsiku lawo lomaliza anadandaula kuti pachifuwa pakulemera ngati pasanjikidwa thumba la chimanga, ndipo thukuta linkangoyenderera ngakhale kunja kunali kozizira. Akazi awo anaganiza kuti ndi chilungulira, choncho anawasungunulira soda m'kapu. Tinawatengera kuchipatala m'bandakucha, koma sanafike ali moyo. Madokotala anati ndi mtima, koma pamaliro ambiri anakana, ponena kuti matendawa ndi a anthu onenepa ndi olemera, ndipo ena ayamba kale kuloza chala anansi. Kodi zoona zake n'zotani?

Namwino wopuma pantchito, Kawale

Pepani ndi zovutazo, mwanangu. Zimene mwafotokozazo ndi zizindikiro zenizeni za vutoli. Mtima uli ndi mitsempha yakeyake imene imaudyetsa magazi, ndipo kwa zaka zambiri mafuta amaunjikana pang'onopang'ono m'kati mwa mitsemphayo, mpaka tsiku lina magazi amaundana pamalopo n'kutsekeratu njira. Mnofu wa mtima umene wasowa magazi umayamba kufa nthawi yomweyo, n'chifukwa chake usiku umodzi wodikira ndi wautali kwambiri. Zimenezi siziyang'ana kukula kwa thupi. Kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, fodya ndiponso mtundu umene munthu anabadwiramo zimawononga mitsempha ya woonda monga momwe zimawonongera ya wonenepa.

Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'dziko muno mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa, pakuti BP nthawi zambiri sipweteka paliponse. Chimene chimandiwawa ine ndi chakuti mabanja amadana chifukwa cha nkhani za ufiti pamene ana a malemuwo sanayezetse ndi kamodzi komwe.

Mphunzitsi, Likuni

Ndiwonjezere pa zimene amayi anenazi. Ine ndinasiya kumwa mankhwala a BP nditaona kuti ndikupeza bwino, poganiza kuti ndachira, koma patapita miyezi itatu anandiyeza n'kupeza 180/110, pamene malire ake ndi 140/90. Mankhwalawa sachotseratu matenda, amangowagwira, ndipo munthu sayenera kuwasiya popanda kuuzidwa ndi dokotala. Kunyumba kwathu tinachotsanso mchere wa patebulo, chifukwa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, omwe ndi pafupifupi kasipuni kamodzi ka tiyi.

Mayi wa ku Biwi

Anthu asaganizenso kuti awa ndi matenda a abambo okha. Amayi anga sanamve kupweteka kwenikweni pachifuwa, koma ankabanika, ankamva nseru, ndiponso nsagwada ndi msana zinkawawawa. Mlongo wanga anaumirira kuti tipite ku Kamuzu Central usiku womwewo, ndipo atawajambula ndi makina a ECG oyeza kagundidwe ka mtima zinadziwika kuti ndi mtima. Lero ali moyo, akulima dimba lawo.

Wofunsa, Area 25

Zikomo nonse. Amalumewo ankasutadi fodya kuyambira ali mnyamata, ndipo sindikumbukira kuti anayezetsapo BP. Loweruka lino kuli msonkhano wa banja, ndipo ndikapempha kuti ana awo anayi pamodzi ndi amayi anga, omwe ndi mlongo wa malemuwo, tipite tonse kukayezetsa Lolemba m'mawa.