Ndithandizeni: RAID ya seva yathu yakana kudzuka, ndipo backup yadzifufuta usiku womwewo

Akuluakulu nonse a pagulu lino, ndikupempha nzeru kwa amene munagwirapo seva ya Linux yokhala ndi RAID, chifukwa ndafika poti ndikuopa kukhudza chilichonse. Ndimayang'anira makompyuta pa sukulu ina ya sekondale yomwe si ya boma kuno ku Zomba, ndipo zomwe zili pachiswe ndi mafayilo a zaka 6: malisiti a fizi, malikisi a ophunzira kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, makalata a ntchito a aphunzitsi, komanso zithunzi za ana zomwe tinajambula polembetsa mayeso a MSCE.

Seva yaikulu ili ndi Ubuntu Server 22.04 pa SSD yakeyake, ndipo mafayilo amakhala pa madisiki atatu, iliyonse ya 2 TB, omwe ndinawalumikiza kukhala RAID 5, kutanthauza kuti amagwira ntchito ngati disiki imodzi, kudzera mu pulogalamu ya mdadm. Seva ya backup ndi kompyuta yakale yomwe ili mu ofesi ya a msungichuma, ndipo ili ndi disiki yapadera ya 4 TB ya ext4 yosungirako makope basi. Usiku uliwonse nthawi ya 2 koloko imakoka zonse za mu foda ya /srv/data ya pa seva yaikulu ndi pulogalamu yokopera mafayilo ya rsync, ndipo mu lamulolo ndinaikamo --delete kuti chomwe chafufutidwa pa seva yaikulu chizifufutidwanso pa backup, poopa kuti disiki ingadzaze msanga.

Lachinayi madzulo magetsi anazima. Batire la UPS, chipangizo chosungira moto magetsi akazima, lakhala zaka 5 osasinthidwa, moti silinasunge moto ngakhale mphindi imodzi ndipo seva inazima mwadzidzidzi. Magetsi atabwera cha m'ma 11 usiku makompyuta onse awiri anadziyatsa okha monga ndinawatcherera, koma RAID sinalumikizike. Popeza mu fstab, fayilo ya madisiki oti azitsekulidwa podzuka, ndinalemba nofail kuti seva isaime disiki ikasowa, seva inapitiriza kudzuka bwinobwino, foda ya /srv/data ili pomwepo koma m'kati mulibe kanthu. Itakwana 2 koloko rsync inaona foda yopanda kanthuyo n'kuchita zomwe ndinaiuza.

Lachisanu m'mawa a msungichuma anandiitana kuti foda ya fizi ikutseguka koma ili mbee. Ndinapita ku kompyuta ya backup mtima uli m'malo podziwa kuti kope la dzana lilipo, koma mu log ndinapeza mizere yambirimbiri yoyamba ndi mawu akuti deleting, kuchokera 2:00 mpaka 2:09, dzina la fayilo iliyonse lili pamzere wake. Ndinaizimitsa nthawi yomweyo, cha m'ma 8, ndipo sindinaiyatsenso.

Pa seva yaikulu, madisiki atatu aja ndi sdb, sdc ndi sdd, ndipo mdadm --examine ikuonetsa kuti Events, nambala yomwe imayenera kufanana pa madisiki onse a RAID, ya sdb ndi 48211, ya sdc ndi 48203, pomwe ya sdd ndi 31907 ndipo tsiku lake lomaliza kulembedwa ndi la masabata atatu apitawo. Zikutanthauza kuti sdd inatuluka mu RAID kalekale ine osadziwa, chifukwa sindinatchere kuti mdadm izinditumizira uthenga pa imelo. Pa smartctl, pulogalamu yoyeza thanzi la disiki, nambala 197 ya sdc, ija ya Current Pending Sector yosonyeza malo omwe akukana kuwerengeka, ikuwerenga 24. Palibe disiki yomwe ikugogoda kapena kulira mwachilendo. Kope lina lomwe tili nalo ndi la pa disiki ya m'manja ya kumapeto kwa teremu yatha, ndipo mulibe malisiti onse a teremu ino.

Funso langa lalikulu ndi lakuti ndiyambire pati: kudzutsa RAID, kapena kufufuza zomwe zinafufutidwa pa disiki ya 4 TB? Mnzanga wina wandiuza kuti ndipange RAID yatsopano ndi --create pamodzi ndi --assume-clean pa madisiki omwewo, akuti mafayilo amabwerera, koma mtima wanga sukuvomera. Ndikufunanso kudziwa momwe ndingamangirenso backup kuti isadzathenso kudzifufuta. Aphunzitsi aakulu andipatsa mpaka Lachitatu, chifukwa makolo ayamba kufunsa za ndalama zomwe analipira kale.

Yankho loyamba

Achimwene, pepani kwambiri ndi zomwe zakugwerani, ndipo mwachita bwino kuzimitsa kompyuta ya backup. Za --create zija musayese n'komwe. Lamulo limenelo limalemba superblock yatsopano, kagawo kosunga momwe RAID inaikidwira, pa disiki iliyonse, ndipo mukalakwitsa dongosolo la madisiki, kukula kwa chunk kapena data offset, mudzakhala mutafufuta chizindikiro chokhacho chomwe chikukuuzani momwe RAID yanu inaikidwira.

Yambani ndi RAID, chifukwa kumeneko mafayilo sanafufutidwe, angotsekeredwa, ndipo mayina ndi mafoda onse akadali m'malo mwake. RAID 5 imapirira kutayika kwa disiki imodzi yokha, choncho sdb ndi sdc zikukwanira kubweza zonse, makamaka poti Events yawo yangosiyana ndi 8. Koma musagwire ntchito pa madisiki enieniwo. Pezani madisiki awiri abwino osachepera kukula kwa akalewo, yatsani kompyuta ndi Linux ya pa flash, ndipo mukopere sdc poyamba popeza ndiyo ikudwala, pogwiritsa ntchito GNU ddrescue, pulogalamu yokopera madisiki owonongeka. Musaiwale kuipatsa mapfile, yomwe imakumbukira pomwe ntchito yafika, kuti magetsi akazimanso mudzapitirize pomwepo osayambiranso. Ulendo woyamba ikani -n kuti itenge mbali zonse zabwino mwachangu isanalimbane ndi malo owonongeka, kenako mubwereze ndi -r3 kuti iyeserenso malo ovutawo katatu. Pulogalamu wamba ya dd musaigwiritse ntchito pano, chifukwa ikafika pa malo osawerengeka imaima kapena kukakamira pomwepo n'kuitopetsa disiki yodwalayo.

Mukamaliza kukopera onse awiri, chotsani madisiki akale muwasunge, ndipo pa makope atsopanowo muchite mdadm --assemble --force ndi madisiki awiri okhawo. Iyi sdd musaiphatikizemo ngakhale pang'ono, chifukwa zomwe zili m'menemo ndi za masabata atatu apitawo ndipo zikasakanikirana ndi zatsopano zidzaononga mafayilo mwakachetechete. RAID ikadzuka, yendetsani fsck, pulogalamu yofufuza zolakwika m'dongosolo la mafayilo, ndi -n kuti ingoona osakonza, itsekuleni mongowerenga basi, ndipo mukopere mafayilo ofunika kwambiri, kuyambira a fizi, musanaganize zokonza china chilichonse.

Yankho lachiwiri

Ndikugwirizana ndi zomwe anena akuluwa. Ndiwonjezerepo za disiki ya 4 TB, kuti ikhale njira yanu yachiwiri ngati malo 24 aja agwera pa mafayilo ofunika. Pa ext4, dongosolo la mafayilo la pa disikiyo, fayilo ikafufutidwa zomwe zinali m'kati mwake zimatsalabe pa disiki mpaka china chitalembedwa pamwamba pake, koma chomwe chimatayika ndi ndondomeko yosonyeza pomwe zidutswa zake zili. Makope akale a ndondomekoyo amatha kupezeka mu journal, kaundula wa zosintha za posachedwa pa disiki, ndipo ndi momwe mapulogalamu a ext4magic ndi extundelete amafufuzamo. Vuto ndi lakuti journal ndi yaing'ono ndipo imalembedwa mozungulira, choncho pamene mafayilo ochuluka chonchi afufutidwa nthawi imodzi, si onse omwe angabwerere ndi mayina awo. Disikiyo musaitsekule mwa nthawi zonse; ikopereni kaye, kapena mutulutse journal yake, yomwe ili pa inode 8, ndi pulogalamu ya debugfs n'kuisunga pena.

PhotoRec, pulogalamu yosaka mafayilo ofufutidwa pa disiki yonse, ikhale yomalizira. Imapeza zambiri ndithu, koma imazibweza zopanda mayina ndi mafoda, moti mudzaona recup_dir.1, recup_dir.2 ndi mafayilo a mayina a manambala okhaokha, ndipo kuti mupeze lisiti la mwana mmodzi mudzafunika kutsegula imodziimodzi. Mwayi wanu ndi wakuti disikiyo ndi yozungulira. Ikadakhala SSD yomwe TRIM, lamulo lomwe limaseseratu zofufutidwa, yadutsapo kale, sitikadakhala ndi chokambirana. Wina akakuuzani zoika disiki mu firiji mukane, chifukwa chinyezi chimangowonjezera vuto.

Yankho lachitatu

Bambo, pa funso lanu lomaliza, chomwe munali nacho chinali galasi loonetsa zomwe zili pa seva lero, ndipo n'chifukwa chake chinatsanzira ngakhale kusowa kwa mafayilo. Pomanganso, gwiritsani ntchito pulogalamu yosunga makope a masiku osiyanasiyana monga rsnapshot, BorgBackup kapena restic, kuti usiku umodzi woipa usathe kukhudza kope la dzulo kapena la sabata yatha. Ngati mukhalabe pa rsync, lamulo lanu liyambe lafunsa ndi mountpoint -q pa seva yaikulu ngati /srv/data yalumikizidwadi, liime ngati sinalumikizidwe, ndipo muikemo --max-delete yoika malire a mafayilo ofufutidwa ndi --backup-dir yosunga pena zomwe zachotsedwa. Tsatiraninso lamulo la 3-2-1, lomwe ndi makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi lili kunja kwa sukuluyo. Madisiki awiri a m'manja osinthanasinthana Lachisanu lililonse, imodzi n'kumakagona mu sefa kwina, akukwanira ngati intaneti yanu singathe kunyamula zonse. Lembani MAILADDR mu mdadm.conf kuti muzilandira uthenga pa imelo, yatsani smartd kuti iziyang'anira thanzi la madisiki, gulani batire latsopano, ndipo lumikizani UPS ku seva kudzera mu NUT kapena apcupsd kuti izizimitsa seva mwadongosolo moto usanathe. Kamodzi pa mwezi muzibweza foda imodzi kuchokera pa backup n'kuitsegula pamaso pa a msungichuma.

Mwini funso

Zikomo kwambiri akuluakulu, mwandikhazika mtima pansi. Ndawafotokozera aphunzitsi aakulu chifukwa chomwe sitiyenera kuthamanga, ndipo avomera kugula madisiki awiri a 2 TB, omwe afika kale masana ano kuchokera ku Blantyre. Ndanyamula seva kupita nayo ku nyumba yomwe ili ndi sola, ndipo ddrescue yamaliza ulendo woyamba pa sdc itangosiya malo ochepa osawerengeka. Panopa ikubwereza ndi -r3, kenako nditenga sdb. Disiki ya 4 TB ndaichotsa mu kompyuta, ndaiika mu kathumba kake n'kulembapo kuti isalumikizidwe.

Chomwe ndikufuna mundiunikirenso ndi ichi: ngati ena mwa malo owonongekawo akana kuwerengeka mpaka kumapeto, ndingagwiritse ntchito bwanji mapfile kuti ndidziwe mafayilo enieni omwe akhudzidwa RAID ikadzuka, kuti ndikafufuze okhawo pa disiki ya 4 TB m'malo moyendetsa PhotoRec pa disiki yonse?