Utsi wabuluu ndikaliza galimoto m'mawa

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi Subaru Impreza WRX ya 2006, injini ya EJ255. Chiikireni turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) yaikulu ndi ekizozi yopanda catalytic converter (chipangizo choyeretsa utsi), ndikailiza injini itazizira imatulutsa utsi wabuluu wonunkha oyilo wopsa. Ikangotentha utsiwo umatheratu, ngakhale ndiiponde chotani.

PCV valve (kavalavu kotulutsa mpweya wounjikana m'munsi mwa injini) ndasintha, oyilo ndasiya 5W-30 n'kuthira 10W-40, koma utsi udakalipo. Compression (kupanikizika kwa mpweya) ili bwino m'masilinda onse anayi, madzi a mu radiator sakutsika, ndiye head gasket (chomatira pakati pa mutu wa injini ndi masilinda) sindikuikayikira. Makaniko wina akuti ndi ma valve stem seal (timalabala totchinga oyilo kuti asalowe m'masilinda), wina akuti turbo ikudontha oyilo, ndipo zonsezi si zomasula mongoyerekeza, ndalama yake ndi yambiri.

Kodi ziwirizi ndingazisiyanitse bwanji ndisanatsitse injini? Alipo amene zinamuchitikirapo atasintha turbo?